Nyimbo za makolo zimafuna kachipinda, sizifuna nsanja

Amalawi ambiri amene tili ku Ireland timathera mu Dublin, ena ku Cork ndi ku Limerick, ndipo moyo wathu umangozungulira pa ntchito, sukulu, tchalitchi ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Mukatifunsa ngati tinamvapo nyimbo za eni dziko lino, ambiri timavomera, koma timakhala tikunena zija zimaphulika m'masipika a ku Temple Bar, dera la mabala la pakati pa Dublin, kumene mnyamata wa gitala amakuwa pa maikolofoni kuti alendo odzaona malo agule mowa wina. Amene wamva zokhazo sanamvebe nyimbo za ku Ireland. Kuti azimve akwere basi, kapena anyengerere mnzake wa galimoto, alowere kuzambwe m'boma la Clare, akalowe m'kabala kakumudzi usiku wa pakati pa sabata, makamaka nyengo yozizira alendo atachepa.

Pali ganizo limene ambiri tinakula nalo, loti woyimba akamayimbira m'kachipinda ndiye kuti sizinamuyendere, akungodikira tsiku lodzakwera pa nsanja yaikulu ya magetsi ophethira. Ganizo limeneli ndikulikana. Nyimbo zamtunduwu kwawo n'kuchipindako. Mukazikweza pa nsanja zimamvekabe bwino, anthu n'kuwomba m'manja, koma ntchito imene zimagwira pakati pa anthu a mudzi umodzi imathera pomwepo.

Kabala kamene ndimakonda kali pa mphambano ya timisewu tiwiri topapatiza, pakati pa minda yotchingidwa ndi mipanda ya miyala. Anthu 30 akalowamo ndiye kuti mwadzaza. Denga n'lotsika, ndipo pakona pamayaka moto wa dothi lakuda lija amakumba m'madambo n'kuliumitsa, fungo lake limakakamira pa jekete mpaka mawa lake. Ikamakwana 9 koloko usiku mumaona anthu akulowa mmodzimmodzi atakolekera timabokosi paphewa, n'kukakhala pa tebulo la pafupi ndi moto, limene aliyense akudziwa kuti tsiku limenelo sakhalapo wamba. Palibe wolengeza pulogalamu, palibe woti tiwalandire ndi m'manja. Bambo wina wa imvi, zikhato zong'aluka ndi ntchito ya m'khola, amatulutsa vayolini, n'kumakunga nsambo uku akucheza ndi mnzake za mitengo ya ng'ombe pa msika wa ku Ennis. Nkhani isanathe n'komwe amangoyamba kuliza. Mtsikana wa konsatina amatchera khutu pang'ono, n'kulowa. Wa chitoliro chamtengo amatsinzina, nayenso n'kulowa. Posakhalitsa mapazi onse pansi pa tebulo akugunda pamodzi, ndipo mowa m'matambula ukunjenjemera. Eni ake kukumana kotereku amati session.

Zambiri mwa nyimbozi zilibe mawu, chifukwa zinapekedwa kuti anthu azivina. Zofala kwambiri ndi reel, yothamanga mosapuma, ndi jig, yodumphadumpha. Iliyonse ndi yaifupi zedi: nthawi zambiri imakhala ndi zigawo ziwiri, chilichonse chobwerezedwa, ndipo yonse imatha mphindi imodzi isanakwane. Amaibwereza kawiri kapena katatu, kenaka amene anaiyambitsa amadzutsa mutu, kapena kufuula kamodzi kuti "hup!", ndipo onse amadziwa kuti tikuwolokera ku ina. Pa tebulo palibe pepala. Woyimba wokhwima amasunga nyimbo mazanamazana m'mutu, zina osadziwanso mayina ake, amangodziwa kuti iyi anaitola kwa uje wa kutsidya kwa phiri.

Apa ndi pamene kuchepa kwa chipinda kumayambira kukhala nkhani yaikulu. Onse pa tebulopo amaliza mzere umodzi womwewo, koma aliyense amaukometsera mwakemwake. Wa vayolini amapotokola chala pa liwu limodzi, likhale ngati lanjenjemera. Wa chitoliro amasankha popumira, ndipo ulendo wachiwiri amapumira pena, nyimbo n'kusintha nkhope. Wa konsatina amadula liwu limene anzake alikoka. Kukoma konse kwagona m'tinthu ting'onoting'ono timeneti, ndipo timamveka kwa munthu amene wakhala mikono itatu kapena inayi kuchokera pa tebulo. Mukaika masipika, khutu limangolandira liwiro ndi phokoso. Zitoliro za chikwama zimene Ireland amanyadira, uilleann pipes, zimene UNESCO inaziika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2017, sizipemereredwa ndi pakamwa ayi. Woyimba amakhala pansi, n'kumapopa mpweya ndi mvukuto womangirira pa chigongono, ndipo mawu ake ndi ofatsa, a m'nyumba. Amene anakonza chida chimenechi ankaganizira anthu okhala moyandikana.

China n'chakuti popanda nsanja palibenso malire okhazikika pakati pa woyimba ndi womvera. Ndaonapo mwana wa sukulu ya pulayimale atakhala kumbuyo kwa agogo ake, kachitoliro kachitsulo kali pa mwendo, akungomvetsera. Itafika nyimbo imene anaphunzira anakanyamula, n'kuliza motsitsa, ndipo palibe anatembenuka. Itatha, mayi wina wa akodiyoni anangomugwedezera mutu n'kumufunsa kuti ina imene amadziwa ndi iti, n'kuiyambitsa pang'onopang'ono kuti mwanayo asatsalire. Sukulu yake ndi imeneyo. Malamulo a dziko lino amalola ana kukhala m'bala ali ndi makolo awo mpaka 9 koloko usiku, ndipo m'miyezi yotentha amawonjezera ola limodzi, choncho masana a Lamulungu mumapeza mibadwo itatu pa tebulo limodzi.

Musaganize kuti poti khomo n'lotsekula ndiye kuti ndi chipwirikiti. Mwambo ulipo, ngakhale sunalembedwe paliponse. Nyimbo imene sukuidziwa suifufuza pamaso pa anthu, umaika chida pa mwendo n'kumvetsera. Mlendo sayambitsa nyimbo asanapemphedwe. Ng'oma yawo ya chikopa cha mbuzi, bodhrán, imalira imodzi pa nthawi, ndipo woyimba wake akaphimba anzake amaona nkhope zikusintha. Kuli ngati kudyera mbale imodzi: umatema mbali yako, dzanja sulitambasulira kutsogolo kwa mnzako.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nthawi ya nyimbo ya pakamwa. Zida zikapuma, wina amagogoda tambula, ena n'kumati "shhh", ndipo chipinda chonse chimati zii. Mwini bala amasiya kutsuka matambula. Mayi wachikulire amene wakhala phee usiku wonse amayamba kuyimba ali pampando pomwepo, maso ali pansi, popanda chida chilichonse chomuperekeza. Nyimbo zotere zimakhala zazitali, zina m'Chingerezi, zina m'chiyankhulo chawo cha makolo, ndipo zambiri zimakamba za kusamuka: mnyamata wokwera sitima ya ku America, mayi wotsala pakhomo, mudzi umene munthu sadzauonanso. Dziko lino linataya anthu pafupifupi 1 miliyoni ndi njala ya m'ma 1840, enanso ochuluka chomwecho anathawira kunja, ndipo kusamukako kunapitirira kwa zaka zoposa 100. Munthu wochokera ku Ntcheu kapena ku Mangochi, amene anasiya ana ndi agogo awo kuti akasake ndalama kutali, safunika womumasulira. Pa nsanja yaikulu nyimbo yotereyi imakhala chionetsero, koma m'kachipinda aka amene akuyimbayo ndi mnansi wa onse, ndipo ambiri akudziwa kuti mwana wake ali ku Australia.

Anthu ambiri, ngakhale eni dziko ena, amaganiza kuti kuyimbira m'bala ndi mwambo wa makedzana. Si choncho, ndipo mbiri yake ndi imene imandichititsa kuda nkhawa. Kale nyimbozi zinkakhala m'makhitchini a anthu ndi pa mphambano za misewu. Banja linkakankhira tebulo kukhoma, anansi n'kubwera, gule n'kuchezera. Atsogoleri a mpingo wa Katolika ankadana ndi magule a usikuwa, ati ankaononga achinyamata, ndipo mu 1935 boma linakhazikitsa lamulo la Public Dance Halls Act, loti gule wa anthu ambiri azichitikira pa malo okhala ndi chiphaso. Anthu anayamba kutengeredwa kukhoti chifukwa chovinitsa gule m'nyumba zawo. Magule anasamukira m'maholo, ambiri a parishi, kumene kunkafunika bandi yaphokoso, ndipo mkulu wa vayolini wa m'mudzi anasowa pomulizira. Ambiri anapachika zida zawo.

Chodabwitsa n'chakuti nyimbozi zinakapeza nyumba yatsopano kunja kwa dziko. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anyamata a ku Clare, Galway, Sligo ndi Kerry anakhamukira ku London kukagwira ntchito ya zomangamanga. Ankagona m'tizipinda ta lendi mmene mwini nyumba sakanalola phokoso, choncho malo okhawo okumanirana anali mabala a m'madera monga Camden Town. Kumeneko ndi kumene chizolowezi chokhala mozungulira tebulo n'kumayimba nyimbo zongomvetsera, popanda ovina, chinakhwimira. Willie Clancy, kalipentala wa ku Miltown Malbay, m'boma la Clare, amene anadzakhala katswiri wa uilleann pipes, nayenso anakagwirako ntchito ku London m'ma 1950 asanabwerere kwawo. Kumudzi nakonso anthu anadzidzimuka. Mu 1951 ku Mullingar kunabadwa bungwe la Comhaltas Ceoltóirí Éireann, limene linayambitsa mpikisano wa chaka ndi chaka wa Fleadh Cheoil, ndipo oyimba obwera ku mpikisanowo ankathera usiku m'mabala a m'tauni imene yalandira. Pofika m'ma 1960 ndi 1970 mabala akumudzi anali atatsekula zitseko.

Ku Clare mayina a anthu amene anasunga motowu amatchulidwabe mwaulemu. Elizabeth Crotty, amene anamwalira mu 1960, ankaliza konsatina ku Kilrush kumene iye ndi mwamuna wake ankayendetsa bala, ndipo oyimba ankayenda mitunda kukakhala naye. Ku Doolin, kamudzi ka m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi Cliffs of Moher, kunali abale atatu a banja la Russell, Micho, Packie ndi Gussie, amene ankaliza m'bala la Gus O'Connor. Micho anali mlimi wamba wa kachitoliro kachitsulo, kalizidwe kake kosathamanga, kodukizadukiza, kosiyana ndi wina aliyense, ndipo achinyamata ochokera ku Germany ndi ku America ankabwera ndi zikwama kumsana kudzangomumvera. Anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1994, ndipo mwezi wa February chaka chilichonse Doolin amamukumbukira ndi chikondwerero. Willie Clancy atamwalira mu 1973, anzake anayambitsa sukulu ya sabata imodzi m'dzina lake, imene mpaka lero imadzaza Miltown Malbay mwezi wa July. Masana anthu amaphunzira m'makalasi, koma aliyense amene anapitako adzakuuzani kuti maphunziro enieni amachitika usiku m'timabala ta m'tauniyo.

Ndiye kuti nyimbozi zinalandidwapo kale nyumba kamodzi, n'kupulumukira m'bala. Tsopano nyumba yachiwiriyi nayo ikugwa. Malipoti a bungwe la ogulitsa zakumwa la Drinks Industry Group of Ireland akusonyeza kuti kuchokera mu 2005 mabala oposa 2,000 atsekedwa, pafupifupi limodzi mwa anayi alionse, ndipo ochuluka ndi a kunja kwa Dublin. Mukamayenda m'misewu ya kumudzi mumaziona nokha: dzina la banja likadali pamwamba pa chitseko, koma mawindo anachita fumbi. Zifukwa zake n'zambiri. Achinyamata anasamukira m'mizinda. Mowa wa m'zitini wa m'masitolo akuluakulu ndi wotchipa, anthu amamwera kunyumba pa TV. Magetsi ndi inshuwalansi zinakwera. Mliri wa Covid-19 unatseka mabala mu March 2020, ndipo amene sagulitsa chakudya, omwe ambiri ndi timabala takumudzi tomweti, ndi amene anakhala otseka nthawi yaitali kuposa onse. Eni ake ena okalamba sanatsekulenso, ndipo ana awo safuna ntchito yoima pa kauntala mpaka pakati pa usiku.

Palinso malamulo awiri amene eni mabala amawatchula kawirikawiri. Mu March 2004 Ireland inaletsa kusuta fodya m'malo onse ogwirira ntchito, mabala omwe, ndipo mu 2011 inatsitsa mlingo wa mowa wololedwa m'magazi a woyendetsa galimoto. Malamulo onsewa ndimawavomereza ndi mtima wonse. Woliza chitoliro amene ankapuma utsi wa anthu ena usiku wonse ndiye anapindula koyamba ndi lamulo la fodya. Mu 2013 makhansala a boma la Kerry anavomereza pempho loti anthu a kumidzi yakutali azipatsidwa zilolezo zoyendetsa galimoto atamwako pang'ono, ati pofuna kuthana ndi kusungulumwa kwa okalamba. Boma la Ireland linakana, ndipo linachita bwino. Kusungulumwako n'koona, mlimi wokhala yekha kumapeto kwa kamsewu alipodi, koma mankhwala ake ndi basi ya usiku, monga zija za Local Link zimene zimayenda m'madera ena, osati kubwezera anthu oledzera pa chiwongolero.

Ndikudziwa kuti owerenga ena afika pano nkhope itakwinyika. Kwathu munthu wopemphera saonekera pa bala, ndipo tili ndi zifukwa zomveka: tonse tikudziwa mabanja amene anapasuka ndi kachasu, malipiro othera pa kauntala, ana ogona ndi njala. Ireland nayo ili ndi zilonda zake za mumtima pa nkhani ya mowa, n'chifukwa chake mu 2022 inaika mtengo wotsikitsitsa umene mowa sungagulitsidwe pansi pake. Sindikuchepetsa zimenezi. Koma zimene ndaona ndi maso anga n'zakuti usiku wa nyimbo ndi umene anthu amamwa mofatsa kuposa masiku ena onse. Reel siyimbika ndi zala zoledzera. Oyimba ambiri patsogolo pawo pamakhala tiyi kapena madzi, poti ayendetsa galimoto pobwerera, ndipo tambula imodzi ya Guinness imatha kukhala pa tebulo ola lathunthu mwini wake atatanganidwa ndi nsambo. Amene wayamba kukuwa amauzidwa mwaulemu kuti atsike mawu, akapitiriza amaperekezedwa panja, ndipo amene amayamba kumudzudzula ndi anzake omwe. Ine nthawi zambiri ndimaitanitsa tiyi, ndipo palibe anandiyang'anapo modabwa. M'midzi yambiri positi ofesi inatsekedwa, sitolo inatsekedwa, wansembe amabwera mwa apo ndi apo. Chipinda chofunda chimene munthu angalowe popanda kuitanidwa chatsala chimodzi chomwechi. Chikatsekedwa, kumwako kumangosamukira kunyumba, kumene kulibe womuona munthu.

Chiopsezo china chimabwera chikumwetulira, ndipo ndi alendo odzaona malo, ife tomwe. Kuyambira pamene boma linayamba kutsatsa msewu wa m'mbali mwa nyanja wa Wild Atlantic Way mu 2014, mabasi akuluakulu amatsitsa anthu ku Doolin tsiku ndi tsiku m'chilimwe. Ndalama zawo zapulumutsa mabala ambiri, zimenezo sitingakane, ndipo walira mvula walira matope. Koma matopewo tiwatchule. Chipinda chikadzaza ndi anthu amene akucheza mokweza ngati kuti nyimbo ndi wailesi, mwini bala amakakamizika kuika maikolofoni. Maikolofoni ikangofika, oyimba amatembenuka kuyang'ana anthu m'malo moyang'anana, mpando wa mwana uja ndi wa mlimi wodutsa umasowa, ndipo nyimbo zimene zimayimbidwa zimakhala zomwezomwezo zimene alendo amazidziwa kale. Chimatsala ndi konsati yaing'ono yaulere.

Ndipo pali mafoni. Ndinaonapo bambo wina ataimirira pakati pa nyimbo ya pakamwa, n'kuyatsa getsi la foni yake pafupi ndi nkhope ya mkulu amene ankayimba. Mkuluyo anamaliza ndime imene anali nayo, n'kusiyira pomwepo, nyimbo isanafike pakati. Palibe anayankhula kanthu, koma usiku umenewo sanayimbenso. Mlendoyo anapita ndi kavidiyo ka masekondi angapo, ife tonse n'kutaya nyimbo yonse. Ngati mukufuna kujambula, pemphani kaye pa nthawi yopuma, ndipo akakana musakhumudwe. Anthuwa sanabwere kudzakuonetsani kanthu. Akucheza okhaokha m'chiyankhulo cha zida, inu mwangololedwa kukhala nawo.

Ena okonda mwambo amadandaula kuti masiku ano eni mabala amalipira oyimba awiri kapena atatu kuti azitsogolera session, ati zimenezi zaononga mzimu wake. Apa sindigwirizana nawo. Munthu amene wathera zaka 30 akuphunzira chida, amene wayendetsa galimoto mumdima ndi mvula kuti Lachitatu lililonse pakhale nyimbo, amene akudzazitsa bala la mwini wake, ayenera kulandira ndalama. Malinga mipando ina ikhale yotsekukira aliyense wodziwa mwambo, kulipira otsogolera ndi kumene kumapangitsa kuti mwana uja akabwera sabata yamawa apeze anthu pa tebulo. Boma la Ireland linazindikira kuti luso silidya kuwomba m'manja: mu 2022 linayamba kuyesa ndondomeko yopatsa anthu aluso 2,000 ndalama zokwana €325 pa sabata kuti azitha kugwira ntchito yawo.

Nditakhala pafupi ndi woliza kachitoliro kachitsulo usiku wina, maganizo anandithawira ku Chileka. Chida chomwechi, chotchipa, cha mabowo asanu ndi limodzi, ndi chimene Donald Kachamba ankaliza m'bandi ya mkulu wake Daniel, kungoti oliza kwela amachilowetsa kwambiri m'kamwa mopendeketsa kuti mawu akule. Kwela inabadwira m'misewu ya Johannesburg m'ma 1950, n'kufika kwathu kudzera mwa anthu oyenda kukasaka ntchito, monga momwe session inakhwimira pakati pa omanga nyumba a ku London. Pamene Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, anakumana ndi anyamata a Kachamba mu 1967, anawapeza akuliza mu Blantyre pakati pa anthu wamba. Banjo nayo ili mbali zonse ziwiri: ku Clare ya nsambo zinayi yogula m'sitolo, kwathu yokhoma ndi manja, imene Allan Namoko wa ku Thyolo anaisandutsa mawu a dziko lonse. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu wayimbira anthu ali pafupi nawo moyo wake wonse. Madalitso Band analiza gitala ndi babatoni m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zambiri asanayambe kuitanidwa ku Ulaya, kumene anthu amalipira matikiti kuti amve zimene ife tinkazidutsa pa msika.

Choncho chimene ndikuyamikira ku Clare si chachilendo kwa ife. Tinali nacho pa mowa wa masese, pa khonde la golosale, pa bala la pa trading centre pamene mkulu wa banjo ankafika madzulo, anthu n'kumuzungulira, kumufupa, kuvomera nyimbo ndi kuponyamo mawu awo. Chimene chinachotsa mkuluyo si lamulo la boma ngati la 1935. Ndi sipika yaikulu ndi memory card. Lero pa trading centre iliyonse mabala atatu oyandikana amapikisana phokoso kuyambira m'mawa, moti ngakhale kupatsana moni n'kokuwa, ndipo mnyamata wobwera ndi gitala yake ya chigubu amathamangitsidwa ngati wopemphetsa. Akamulola, malipiro ake amakhala chipanda cha mowa, ndipo patapita zaka timadabwa kuti luso lija linathera kuti. Kulipira woyimba ndi mowa ndi nkhanza, ngakhale wolipirayo atamwetulira chotani.

Sindikunena kuti titengere za ku Ireland. Nyimbo zathu ndi zovomerezana, zovina, zaphokoso lake, ndipo bata lija la ku Clare silingakhale chimodzimodzi ku Lunzu kapena ku Mponela. Chimene tingatengeko ndi chosankha cha mwini malo. Session iliyonse imene yakhalitsa ili ndi mwini bala kumbuyo kwake amene anavomera kuzimitsa TV ngakhale kuli mpira, kusunga tebulo labwino la anthu amene sagula zambiri, ndi kuchita zimenezo tsiku lomwelo sabata iliyonse, ngakhale usiku wa mvula pamene omvera ndi anayi okha. Ku Feakle, kum'mawa kwa Clare, bala la Pepper's limadziwika ndi nyimbo za Lachitatu usiku kwa zaka zambiri, ndipo anthu amayenda kuchokera kutali chifukwa akudziwa kuti akafika sakagwira fuwa la moto. Mwini bala wa ku Malawi amene angazimitse sipika kwa maola awiri tsiku limodzi pa sabata, n'kuitana wa banjo kapena wa babatoni wa m'deralo, n'kugwirizana naye mtengo wa ndalama asanayambe, sadzasowa anthu. Mwezi woyamba angaone ngati akuluza. Apirire mpaka anthu azolowere tsikulo.

Kwa anzanga amene muli kuno, ulendo wake si wovuta. Kuchokera ku Dublin pali sitima ndi mabasi opita ku Ennis, ndipo kuchokera pamenepo midzi ya Doolin, Miltown Malbay, Kilfenora ndi Feakle ili pafupi, ngakhale kuti madzulo mabasi amasowa, ndiye konzekeranitu pogona kapena woyendetsa amene sakumwa. Funsani eni dera kuti nyimbo zili kuti usiku umenewo, chifukwa ma session abwino ambiri salengezedwa pa intaneti. Fikani msanga, musakhale pa tebulo la oyimba, ndipo gulani kanthu ngakhale ndi tiyi, poti magetsi ndi moto uja amalipira ndi mwini nyumba. Zikhoza kuchitika, usiku ukapita, kuti wina akutembenukireni n'kufunsa ngati kwanu kuli nyimbo. Amafunsa ndi mtima woona, ndipo adzakhalira chete Chichewa monga amakhalira chete chiyankhulo chawo. Pitani mutakonzeka ndi imodzi imene mumaidziwa mpaka kumapeto.